Mawu Amene Ndinadzitukwana Nawo Ndekha

Teremu yathayi aphunzitsi athu a Chingerezi anatipatsa kompozishoni yoti aliyense afotokoze za iye mwini. Ine ndinasangalala kwambiri, chifukwa ndinali ndi mawu atsopano amene ndinkawasunga ngati ndalama ya pamfundo ya chitenje cha agogo, kudikira tsiku lowatulutsa. Mawu ake ndi akuti inexorable.

Ndinawapeza pa nyuzipepala yakale imene wogulitsa kumsika anawakulungiramo amayi usipa. Pepalalo linali litanyowa ndi mafuta a nsomba moti chiganizo chonse sichinkawerengeka, koma mawu amenewa ankaoneka bwinobwino, ali pafupi ndi ena akuti prices. Anandisangalatsa kutalika kwake basi. Ndinawakopera kuchikuto cha kope langa.

Mawa lake pa buleki ndinathamangira ku laibulale. Nonse mukudziwa kuti dikishonale yaikulu ija ilipo imodzi yokha, ndipo a Fomu 4 akaigwira kuti aisiye pamafunika pemphero. Pomwe inkandipeza ine, belu linali litatsala pang'ono kulira. Ndinangoona mbali yonena za chinthu chosaima, chomangopitirira, basi n'kutseka buku. Mumtima ndinati eya, ameneyu ndi ine ndithu. Ndimadzuka tambala woyamba, ndimatunga madzi, ndimayenda makilomita 7 kubwera kuno, ndipo sindijomba. Ndiye m'kompozishoni muja ndinalemba monyadira kuti: I am an inexorable girl. Ndinadulanso kamzere kunsi kwake kuti Sala asawaphonye.

Sanawaphonyedi. Kope litabwera ndinapeza mawu anga aja atazunguliridwa ndi cholembera chofiira, pambali pake palembedwa kuti ndikawaone.

"Iwe, mawu awa wawatenga kuti?"

"Pa pepala la usipa, Sala."

Anaseka mpaka kuvula magalasi. Kenako anati mawuwo ndi abwino, ndipo akufuna kalasi yonse iwadziwe. Analonjeza kuti sanditchula dzina, ndipo sananditchuledi. Koma mnzanga wokhala naye desiki anali ataona kale kope lija, ndiye mphindi ziwiri sizinathe aliyense asanadziwe mwini nkhani.

Sala anaphunzirako Chilatini ali kuseminale, asanasinthe maganizo n'kukhala mphunzitsi. Anatenga choko n'kuwaduladula mawuwo pa bolodi ngati akugawa nzimbe. Anati tsinde lake ndi mneni wa Chilatini wakuti orare, kutanthauza kupempha, kuchonderera kapena kupemphera. Mawu a Chingerezi akuti orator, munthu wodziwa kulankhula pagulu, anachokeranso pomwepo. Ukaika ex kutsogolo kwake n'kukhala exorare, ndiye kuti wachonderera mpaka munthu uja wafewa, walola. Kachidutswa komaliza ka able kakunena kuti chinthu n'chotheka, ndipo ka in koyambirira kaja n'kokana. Ukaziphatikiza zonse, inexorable ndi munthu kapena chinthu chimene sungachisinthe maganizo ngakhale uchonderere chotani. Anatiuzanso kuti mawuwa analowa m'Chingerezi m'zaka za m'ma 1500, ndipo mnzake wopanda in, wakuti exorable, aliko m'madikishonale akuluakulu koma masiku ano ndi ochepa amene amamugwiritsa ntchito.

"Choncho," anatero Sala, "mtsikana amene walemba kuti iye ndi inexorable akutichenjeza kuti ngakhale tigwade, ngakhale tilire, satimvera chisoni."

Kalasi yonse inafa ndi phwete. Ine ndinangoti ndwii kuyang'ana desiki, makutu akutentha. Ndinkafuna kudzitama, koma ndinadzitukwana ndekha, n'kudulanso mzere kunsi kwa chitukwanocho.

Kwa anzanga amene tikulemba nawo JCE chaka chino, nazi zimene ndinatolapo tsiku limenelo, mwina zingakuthandizeni. Choyamba ndi katchulidwe. Ambiri tinkangoti "inekizolebo" mofanana monse, koma mphamvu imagwera pa phatikizo lachiwiri, pa "nek" paja. Chachiwiri, mawuwa ndi mfotokozi, ndipo muonjezi wake ndi inexorably. Chachitatu, masiku ano amakonda kuyenda ndi zinthu zimene zimabwera pang'onopang'ono koma osabwerera m'mbuyo, makamaka zosakondweretsa: kukwera kwa mitengo, kupita kwa nthawi, ukalamba, matenda amene akungokula. Munthu atha kulemba kuti the inexorable rise in prices, ndipo ndikukhulupirira kuti pepala langa la usipa lija linkanena zomwezo. Si mawu ochezera pamsewu ayi, ndi a m'nyuzipepala, m'mabuku ndi m'mayeso.

Sala anatisiyanitsiranso ndi achibale ake amene timawasokoneza. Inevitable ndi chinthu chimene chidzachitika ndithu, sungachizembe, monga imfa. Inexorable ndi kayendedwe kake kobwera kwa iwe, sitepe ndi sitepe, osapuma. Stubborn ndi liuma wamba, ngati la mbuzi yokana kulowa m'khola. Relentless ndiye ali pafupi kwambiri, koma ameneyu utha kuyamikira naye munthu wolimbikira ntchito osatopa. Ine mawu amene ndinkafuna anali akuti determined kapena hardworking, mawu oti ndinawadziwa kale ndili ku pulayimale. Kungoti ndinkawaona ngati ndi afupi kwambiri.

Belu lisanalire anatipatsa ntchito yokachitira kunyumba: tikapeze mawu amodzi a Chichewa ofanana nawo. Pompo anthu anayamba kuponya. Wina anati khama, Sala anakana, anati khama ndi labwino. Wina anati nkhutukumve, anati ameneyo ndi mwana wosamva malangizo, osati wosamva kudandaula kwa ena. Wina anati wouma mtima, anati wayandikira, koma nanga nthawi ili ndi mtima?

Madzulo ndinapeza agogo ali pakhonde akusenda nandolo. Agogo anga sanapiteko kusukulu, koma pa Chichewa palibe amene angawapose m'mudzi mwathu.

"Agogo, chinthu choti ngakhale muchidandaulire bwanji sichimva, chimangobwerabe, mumachitcha chiyani?"

Sanadzutse n'komwe mutu. "Chosapembedzeka. Ngati chigwembe chathu chija."

Ndinakhala kaye chete. Paja ife mwana akamalira timati tikumupembedza kuti atonthole. Munthu akakwiya timamupembedza kuti mtima ukhale pansi. Komanso Lamulungu timapita kukapembedza. Mneni mmodzi yemweyo wagwira kuchonderera ndi kupemphera, ndendende ngati orare wa Sala uja. Anthu a Chilatini ndi agogo anga sanaonanepo, koma anamanga mawu awo mofanana, mpaka kachidutswa kokana kutsogolo ndi kotheka kumapeto.

Tsopano ndikuuzeni za chigwembe chimene agogo ankanena. M'mwezi wa March 2023, ndili Sitandade 8, kunabwera namondwe wa Freddy. Palibe wa kuno kummwera amene angaiwale. Mvula inagwa usana ndi usiku kwa masiku angapo, sukulu zinatsekedwa, ndipo anthu amene anafa ndi amene anasowa m'dziko muno anaposa 1000. Ife tinapulumuka, nyumba yathu sinagwe. Koma madzi ochokera kuphiri anadutsa pakati pa munda wathu n'kusiya ngalande yoti mwana atha kuilumpha. Tinkati tidzaikwirira tikakolola. Sitinaikwirire, panali zambiri zoti tichite.

Akuluakulu amati madzi saiwala khwawa. Mvula iliyonse yamphamvu imene yagwa kuchokera nthawi imeneyo yadzera pomwepo. Madzi akamagwera m'chigwembe amakumba kunsi, dothi la pamwamba limatsala lili lende, kenako limagumuka, ndipo mutu wa chigwembe umasunthira kumtunda. Lero munthu wamkulu akalowamo saoneka. Mvula ya chaka chino itangoyamba ndinakhoma chikhomo masitepe asanu kuchokera m'mphepete mwake kuti ndione ngati chikukuladi. Pofika pa Khirisimasi chikhomo chija chinali chitapita. Kumene chikulowera n'kumtengo wa mango umene malemu bambo anga anabzala chaka chimene ndinabadwa. Agogo amachikalipira akamadutsa, amayi anachipemphererapo, koma icho chilibe nazo ntchito. Ndiye usiku umenewo ndinalemba m'kope kuti inexorable ndi chosapembedzeka, ndipo ndinaganiza kuti ntchito ya Sala yathera pomwepo.

Koma tulo sitinabwere msanga, chifukwa mawuwo anandikumbutsa munthu wina.

Ena mwa inu munandifunsapo kuti njinga yanga ija ili kuti. Ndinkayankha kuti inaphwanyika sipoko. Linali bodza, pepani. Chaka chatha kunali ng'amba ija, ndipo pa kamunda kamene chigwembe chinatisiyira tinakolola matumba awiri okha. Mitengo ya zinthu nayo inali itathawa kale kuchokera pomwe Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023. Chakumapeto kwa chaka ufa unatha, ndipo nthawi yomweyo ndalama ya mayeso anga inkafunika. Amayi anapita kwa bambo wina wa katapila pa tauni yathu yaing'ono ija. Anatenga K40,000, kuti pakatha mwezi abweze K60,000. Chikole chake chinali njinga, imene inali ya bambo anga.

Mwezi utatha amayi anali ndi K45,000. Anaipeza ndi maganyu opalira m'minda ya anthu, ndiponso anagulitsa nkhuku zathu zonse kupatula thadzi limodzi. Anandiuza kuti ndiwaperekeze nditavala yunifolomu, mwina bambowo akaona mwana wasukulu angamve chisoni. Tinawapeza atakhala pa benchi kutsogolo kwa golosale yawo. Amayi anagwada pansi, pafumbi, anthu akuona.

"Bambo, tabwera ndi iyi. Yotsalayo mutipatseko sabata ziwiri, chonde. Njingayi ndi imene mwanayu amayendera kusukulu, ndipo ali ndi mayeso chaka chino."

Iwo anawerenga ndalama ija kawiri, n'kuika m'thumba.

"Mayi, ine sindinakuitaneni. Munabwera nokha. Pangano ndi pangano."

Amayi anatchula za maliro a bambo, za munda, za agogo. Anaomba m'manja monga timachitira kwa mfumu. Bambowo maso anali pa foni. Pomaliza anati njinga ikhala kwa iwo mpaka K15,000 yotsalayo itakwana, ndipo mwezi uliwonse umene udutse izibereka theka lake. Pobwerera amayi sanalankhule mpaka kunyumba. Anangoti tikuoloka mtsinje, "Mvula ikakuona litsiro sikata." Njinga ija ndimaiona masiku a msika, mnyamata wawo wantchito atanyamulirapo makireti a zakumwa. Belu lake ndi lomwe lija, ndimalizindikira ndisanatembenuke.

Tsiku lopereka mayankho, nditanena mawu a agogo, Sala anawalemba pa bolodi ndi zilembo zikuluzikulu n'kunena kuti ndikawathokozere agogowo. Titaweruka ndinawatsatira ndi funso.

"Sala, munthu wokongoza ndalama amene sakumva kuchonderera, nayenso ndi inexorable?"

Anandiyang'ana kanthawi, koma sanafunse kuti ndi ndani. Anati inde, ndipo ndiko kumene mawuwa anayambira: kwa munthu amene ali ndi mphamvu pa iwe, monga woweruza kapena mwini ngongole, amene ukumupempha koma sakugwedezeka. Zakuti nthawi kapena mitengo ndi inexorable n'kungoziyerekeza ndi munthu wotero.

Ndakhala ndikuiganizira nkhani imeneyi panjira, poti tsopano nthawi yoganiza ndili nayo yambiri, ola limodzi ndi theka kupita, lina ndi theka kubwerera. Chingerezi chaika chigwembe ndi bambo aja m'mawu amodzi, Chichewa cha agogo nacho chimodzimodzi. Koma kwa ine si zofanana ayi. Chigwembe chilibe makutu. Sichinaone amayi atagwada. Madzi amangotsata kotsetsereka, sangasankhe. Bambo aja makutu ali nawo awiri, anamva zonse, ndipo akanangoti "chabwino, sabata ziwiri" palibe chimene chikanawagwera. Chigwembe sichingathe kupembedzeka, iwo sanafune kupembedzeka. Ndipo ndaona kuti anthu oterewa amakonda kulankhula ngati iwonso ndi madzi. Amati ndi lamulo, ndi pangano, nanga nditani. Amafuna tiziwaona ngati mvula, pomwe ndi anthu anzathu amene angosankha kutseka makutu.

Ndikanakonda nkhani yanga ikanathera pamenepa, ine ndili wolungama. Koma pali china. Sabata yomwe ndinalemba kompozishoni ija, mnzanga wina wa m'kalasi mwathu anali atanditayira kabokosi kanga ka zida za masamu. Anakabwereka Lachiwiri, Lachitatu n'kubwera chimanjamanja, ati kanagwa panjira. Anapepesa, analira, anati kwawo pakali pano kulibe ndalama, ndidikire akolole. Ndimadziwa bwino kuti kwawo zinthu n'zovuta kuposa kwathu. Koma ine mtima unali utawawa kale ndi za njinga, ndiye ndinamuuza kuti ndikufuna kabokosi kanga pofika Lachisanu. Anati, "Aise, chonde, ndimvetse." Mukudziwa chimene ndinayankha? Ndinati, "Unabwereka wekha, ine sindinakukakamize." Ndipo kwa sabata zitatu sindinamulankhule, ngakhale moni.

Ndinazindikira tsiku lina ndili panjira, nditangomva belu la njinga ija likudutsa. Mawu amene ndinamuuza mnzanga anali a bambo aja, ndinangosintha pang'ono. Ndiye kuti chiganizo chimene Sala anachizunguliza ndi cholembera chofiira sichinali cholakwika kwenikweni. Sabata imeneyo ndinalidi mtsikana wosapembedzeka, kungoti sindinkadziwa kuti ndikunena zoona.

Ndinapita kukamupeza pa buleki. Sindinadziwe poyambira, ndinangomugawira chinangwa changa. Tinagwirizana kuti adzagule akakolola nandolo, ndipo pakali pano tonse awiri tikubwereka kwa mchemwali wina wa Fomu 3. Sindinganame kuti ndaiwala, kabokosi kanga ndikukafunabe. Koma kudikira sikunandiphe.

Za chigwembe nazo zasinthako pang'ono. Mu February alangizi a zaulimi anabwera m'mudzi mwathu, ndipo amayi anawatengera kumunda. Anati chigwembe sachiyambira pamene chakula, amachiyambira kumtunda kumene madzi akuchokera. Anationetsa kuunjika miyala modutsa m'kati mwake, malo angapo motsatizana, pakati pa mulu uliwonse potsikirapo kuti madzi azidutsa pamenepo osati m'mbali. Miyalayo siimitsa madzi, imangowachepetsa liwiro kuti asiye dothi limene anyamula. Kumtunda tinabzala udzu wa vetiva m'mizere yopingasa, chifukwa mizu yake imalowa pansi kwambiri n'kugwira nthaka. Ine, amayi, mlongo wanga wamng'ono ndi atsibweni tinatuta miyala Loweruka lililonse mpaka manja kuchita matuza.

Chigwembe sichinathe, ndipo alangizi ananeneratu kuti zimatenga zaka. Vetiva akadali wamng'ono. Koma kuseri kwa miyala kwayamba kudzaza dothi, ndipo chikhomo chachiwiri chimene ndinakhoma chikadalipo ngakhale mvula yomaliza inagwa yamphamvu. Agogo akuti chigwembe sichimva pakamwa, chimamva miyala.

Ndiye anzanga, ngati mudzagwiritse ntchito mawu amenewa pa mayeso, muwaike pa nthawi, pa mitengo ya zinthu, pa madzi osefukira, kapena pa munthu wouma mtima wa m'nkhani yanu. Musadziike nokha ngati mmene ndinachitira ine. Ndipo dikishonale mukaigwira, werengani tanthauzo lonse, belu lilire lisalire.

Kompozishoni ija ndinailembanso. Pamene panali chitukwano paja ndinaika kuti: I am a determined girl. Kumunsi ndinawonjezera chiganizo china kuti ndione ngati ndamvetsadi: The gully moved inexorably towards my father's mango tree. Sala anachonga zonse ziwiri. Pa chachiwiricho anafunsa pambali, m'Chichewa, kuti mtengowo ukadalipo? Ukadalipo, Sala. Patsala masitepe 12. Loweruka likubwerali tikukatutanso miyala, ndipo ngongole ya njinga amayi akuti tiimaliza nandolo akacha.